Kodi a Green akalowa m'khonsolo amasintha chiyani?

FUNSO: Ndimakhala ku Bristol, ku England, ndipo khansala wa m'wodi mwathu ndi wa chipani cha Green. Kodi anthu oteteza chilengedwewa ali ndi mphamvu zotani m'khonsolo? Nanga ife Amalawi tingavote nawo? (Mayi wa ku Bristol)

YANKHO: Mayi, mphamvu za khansala zimadalira mtundu wa khonsolo. M'madera ambiri a England muli makhonsolo awiri osanjikizana. Ya district imatola zinyalala ndi kuvomereza mapulani omangira nyumba, pomwe ya county ndiyo imaona za misewu, sukulu ndi chisamaliro cha okalamba. Mu 2023 a Green adatenga mipando 24 mwa 34 ku Mid Suffolk, koyamba kulamulira khonsolo paokha. Koma poti imeneyo ndi ya district, ngakhale kanjira ka njinga m'mbali mwa msewu sangakalembe popanda Suffolk County Council.

Kwanu ku Bristol ntchito zonsezi zili m'khonsolo imodzi. Mu 2024 a Green adapeza mipando 34 mwa 70. Chidakhala chipani chachikulu, koma sichidafike theka, choncho sichikadatha kudutsitsa bajeti pachokha. Udindo wa meya wosankhidwa ndi anthu udathetsedwa potsatira referendamu ya 2022, ndipo tsopano nkhani zimagamulidwa m'makomiti.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi pa ndalama, ndipo zomwe zidachitika ku Brighton and Hove, mzinda wa kummwera kwa England, n'zofunika kuzidziwa. A Green adayamba kutsogolera khonsoloyi mu 2011 ali ndi mipando 23 mwa 54, nthawi yomwe boma linkadula ndalama zopita kumakhonsolo. Mu 2012 adafuna kukweza msonkho wa khonsolo ndi 3.5 peresenti, a Labour ndi a Conservative adagwirizana n'kukana. Mu 2013 adakwanitsa kutsitsa liwiro la galimoto pakati pa mzinda kufika mamailosi 20 pa ola, koma chaka chomwecho otola zinyalala adanyanyala ntchito sabata yathunthu pokana kusintha kwa maalawansi awo. Matumba a zinyalala adaunjikana m'misewu, mbalame za kunyanja n'kumawang'amba. Chipani chidagawanika, moti phungu wawo Caroline Lucas adaima kumbali ya antchito. Pa zisankho za 2015 adatsala ndi mipando 11.

M'kuona kwathu, apa m'pamene muyenera kumuyesera khansala wanu. Lamulo limakakamiza khonsolo kusamalira okalamba, olumala ndi ana ovutika, ndipo ndalama zambiri zimathera kumeneko. Mitengo ndi njira za njinga zimadya zotsala. Khonsolo ikafuna kukweza msonkho kupyola malire omwe boma laika, imayenera kuchititsa referendamu kapena kupempha chilolezo chapadera kuboma. Ndiye akalonjeza chinthu, mufunseni komiti yomwe ichivomereze ndi komwe ndalama zake zichokere.

Za kuvota, inde mungavote. Nzika za Malawi, Zambia ndi Mozambique zokhala ndi chilolezo chokhalira ku UK zimaloledwa chifukwa cha Commonwealth, ndipo a ku Zimbabwe nawonso lamulo limawawerengabe. Lembetsani pa gov.uk pasadatsale masiku 12 ogwira ntchito kuti chisankho chichitike. Kuyambira 2023, ku England amafuna chiphaso cha chithunzi pamalo ovotera. Pasipoti yanu ya Malawi ndi yokwanira.