Kodi tapas n'kukhuta nazo? Yankho kwa mayi wopita ku Málaga

Mayi wina wokhala ku Leicester wanditumizira imelo. Mu July akupita ku Málaga, mzinda wa ku Spain, ndi amuna awo komanso ana awiri, ndipo akufuna kukadya tapas m'mbali mwa nyanja. Nkhawa yawo ndi yakuti timbale take n'tating'ono: banja lozolowera nsima lingakhute popanda kuwononga ndalama zambiri?

Mayi, mukakhuta ndithu, bola kudziwa kaitanitsidwe kake. Zakudya zambiri zimabwera m'miyezo itatu. Tapa ndi kolawa chabe, media ración ndi theka la mbale, pomwe ración ndi mbale yodzaza yoika pakati aliyense n'kumatapa. Anthu anayi yambani ndi ma ración awiri kapena atatu, zina muziwonjezera macheza ali mkati. Mukaitanitsa zonse nthawi imodzi, nsomba zimakuzizirirani patebulo.

Kudoko kuli Muelle Uno, malo okongola, koma ine ndingakonde mutapita kum'mawa kwa mzindawu, ku Pedregalejo kapena El Palo, kumene asodzi akhala kuyambira kalekale. Malesitilanti a pamchengawo amawatcha chiringuito. Panja mukapeza kabwato kodzaza mchenga, nkhuni zikuyaka pamwamba pake, bambo akutunga nsomba za sardina pa kandodo, kuzithira mchere wa mibulu, n'kuzika kandodoko chopendeka pafupi ndi moto. Imeneyo ndiyo espeto. Idyani ndi manja ikadali yotentha. Eni dera amati sardina zimanona kuyambira May mpaka August, ndiye mwasankha nyengo yabwino.

Ana muwaitanitsire boquerones fritos, tinsomba tonga usipa topaka ufa n'kukazinga, ndi tortilla ya mazira ndi mbatatesi, yomwe imagwira m'mimba. Gambas al pil-pil, nkhanu za m'nyanja za mtundu wa prawns, zimabwera zikubwata m'mafuta a olivi, adyo ndi tsabola; msuzi wakewo musausiye, suntsani buledi. Ngati simudya nkhumba, dziwani kuti jamón ndi chorizo ndi nkhumba, ndipo jamón amaiikanso mu croquetas (timipira tokazinga) zambiri, choncho funsani kaye.

Chamasana amadya cha m'ma 2 koloko, chamadzulo cha m'ma 9, ndiye mukafika 6 koloko malo ambiri khitchini amakhala atatseka. Nsomba zikuluzikulu amagulitsa pa kilo, muzifunsa mtengo asanawotche. Ndipo za tapa yaulere pa chakumwa chilichonse zomwe mwina munamva, n'za ku Granada, mzinda wina wa ku Spain; ku Málaga malo ambiri mukalipira.