Musagulitse kaye boti la matangalo madala

Madala, mwati mwakwanitsa zaka 68, mapewa akumawawa mukamakoka zingwe ndiye mukuganiza zogulitsa boti la matanga mugule la injini. Ine ndikuti dikirani kaye, vuto mwatchulalo ndi la mphamvu ndipo masiku ano mphamvu zimagulidwa. Ikani ma winch amagetsi (makina okokera zingwe), thanga lakutsogolo likhale la roller furling loti mumangolikulunga muli chikhalire pa chiwongolero, nangula azikwezedwa ndi makina otchedwa windlass, muwonjezere autopilot (chipangizo chowongolera boti chokha), basi ntchito yothyola msana yachepa kale. Ndipo thanga muzilichepetsa mphepo isanakule, zodikira kuti tione kaye zija asiyireni anyamata.

Zaka pazokha si nkhani. Jeanne Socrates anamaliza kuzungulira dziko pa boti la matanga yekhayekha osaima pena paliponse mu 2019 ali ndi zaka 77, Kenichi Horie anawoloka nyanja ya Pacific pa boti la matanga yekha mu 2022 ali ndi 83, kuchoka San Francisco mpaka Japan. Sikuti muwatsanzire ayi.

Chomwe simungagule ndi balansi. Boti la matanga limapendekeka, pansi pamanyowa, ndiye ngati miyendo yayamba kunjenjemera mukamapita kutsogolo ku mlongoti kapena podumphira pa doko ndi chingwe m'manja, apo sinthani osachita manyazi, chifukwa kugwera m'madzi nkuyesa kukweranso zovala zitanyowa zimamukanika ngakhale mnyamata wadzitho. Funsaninso mayi akunyumba: inu mutadwala mwadzidzidzi pakati pa madzi, angathe kutsitsa matanga nkubweza boti okha? Akati ayi, yankho limenelo likuposa za mapewa zija.

Koma la injini nalo lisakunamizeni. Mafuta limamwa, phokoso tsiku lonse, injini ikazima mulibe thanga lokufikitsani kumtunda, ndipo kusintha ma filter ndi kukwawa kokhakokha m'kachipinda kopanikiza, maondo adzalira. Mafunde akamamenya cham'mbali limayendanso dzandidzandi kuposa la matanga poti palibe thanga loligwira. Mukasankha limenelo tengani trawler (boti la injini lopangidwa ngati la asodzi) yoyenda pang'onopang'ono, ma knots 7 kapena 8 (pafupifupi makilomita 13 mpaka 15 pa ola), osati zothamanga zija zomenyetsa msana pa funde lililonse. Catamaran (boti la mathunthu awiri olumikizana) nayo iganizireni, matanga alipo koma siyipendekeka kwenikweni, kungoti malo oyimika pa doko amadula poti ndi yotakata.

Musanasaine chilichonse bwerekani la injini kwa sabata, mulitulutse tsiku la mphepo, mayi ali momwemo.