Kwa adzukulu ofuna kukayendera asilikali akale: musaiwale malonje

Adzukulu anga, uthenga wanu wandipeza. Mwanena kuti ndinu ophunzira a pa koleji ina kuno ku Kasungu, mwapanga kagulu kodzipereka, ndipo mukufuna kuti patchuthi muziyendera asilikali akale amene akalambira m'midzi yozungulira. Mwasonkha kale kangachepe, ndiye mukufunsa kuti mugule chiyani pakati pa sopo, shuga ndi mabulangete, komanso ngati n'kulakwa kuwajambula zithunzi n'kuziika pa Facebook kuti akufuna kwabwino aone n'kuthandizapo. Mtima umenewu ndi wabwino ndipo makolo anu anakulerani bwino. Za katundu musade nazo nkhawa, pakuti palibe nkhalamba ya kumudzi imene ingakane sopo kapena mchere, ndipo bulangete lidzagwira ntchito yake June ndi July akafika. Chimene ndikanakonda mukanandifunsa n'chakuti, kodi tikafika pakhomo pa munthu wotere tilowe bwanji, tikhale bwanji, ndipo titsanzike bwanji?

Yambani mwadziwa anthu amene mukukawaonawo. Asilikali a Keyala, gulu lija la King's African Rifles, amene anamenya nkhondo ya 1939 mpaka 1945 atsala owerengeka, chifukwa mnyamata amene analembedwa usilikali ali ndi zaka 18 m'chaka chomaliza cha nkhondoyo lero zaka zake zikuyandikira 100. Anzawo amene anali nawo ku Abyssinia (Ethiopia wa lero), ku Madagascar ndi ku Burma tinawaika kale m'manda. Mwina mudzapeza mmodzi kapena awiri amene anatumizidwa ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, koma ochuluka adzakhala a m'mbuyo muno, amene analowa Malawi Rifles dziko litalandira ufulu mu 1964, amene ankalondera njanji ya ku Nacala kuyambira mu 1987, nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inadzaza othawa kwawo ku Mchinji, Dedza ndi Ntcheu, ndi ena amene anakasungitsa mtendere ku Rwanda mu 1994. Onsewa ndi anthu amene unyamata wawo wonse unathera pa mwambo, kudzuka mbandakucha, kupukuta jombo, kuima chilili pamaso pa wamkulu, ndipo ine ndaona kuti chimene chimawawawa kwambiri muukalamba ndi kuonedwa ngati opemphetsa.

N'chifukwa chake ndikufuna ndikhalitse pa nkhani ya malonje, mwambo umene ukutha ife tikuona. Kale mlendo akafika ankaima kumapeto kwa bwalo n'kunena kuti odi, ndipo sankasuntha kufikira mwini nyumba atamuyankha kuti fikani. Ana ankathamanga kukamulandira katundu, mphasa inkayalidwa pakhonde kapena patsinde pa mtengo, ndipo palibe amene ankapereka moni choimirira. Mlendo atakhala pansi n'kupuma, mwini nyumba ndiye ankasendera pafupi kudzapereka moni, kenako ana mmodzimmodzi ankabwera kudzagwada. Zikatha izi ndi pamene malonje ankayamba. Mlendo ankafotokoza kumene wachokera, mmene wasiyira anthu kwawo, amene akudwala, maliro amene agwa, mmene mvula yagwera chaka chimenecho, mtsinje umene wawoloka ndi anthu amene wakumana nawo panjira, ndipo chimene wadzera chinkatchulidwa kumapeto kwenikweni. Mwini nyumba ankavomera pang'onopang'ono akuomba m'manja mofatsa, ndipo mlendo akatsiriza iyenso ankabweza ake, kunena za pakhomo pake monga momwe zilili, zabwino ndi zoipa zomwe. Zonsezi zinkatenga nthawi, ndipo palibe amene ankaona ngati nthawiyo yatayika.

Atsibweni anga anali mmodzi mwa amene anapita ku Burma. Ine ndinawadziwa atabwerako kale, ndili kamwana kotumidwa kukapala moto. Mlendo akafika iwo ali kudimba kapena ali pambuyo pa nyumba ndi malaya ong'ambika, sankaonekera choncho. Ankalowera khomo lakuseri, n'kusamba kumaso, n'kuvala kabudula wawo wa khaki ndi jasi imene anabwera nayo, ndiyeno n'kutulukira khomo lakumaso ali njo, ngakhale mlendoyo akhale mnyamata wongotumidwa ndi a mfumu. Mendulo zawo zinkakhala m'kachitini kamene kale munali tiyi, zitakulungidwa m'kansanza, ndipo tsiku limene afuna kuzivala ankazikwecha ndi phulusa losakaniza ndi madzi a ndimu mpaka zitawala, ife ana titazungulira osaloledwa kukhudza. Anthu ambiri ankabwera ndi chidwi chofuna kumva za nkhondo, koma amene ankafulumira kufunsa ankabwerera ndi mawu awiri okha, akuti kunali kovuta. Amene ankakhala pansi, n'kupereka malonje ake bwinobwino, n'kudya nsima, n'kuthandiza kutong'ola chimanga madzulo, ndi amene ankamva za sitima ya pamadzi imene inawanyamula ku Mombasa kupita ku Ceylon (Sri Lanka wa lero), za kusanza kwa anyamata amene anali asanaonepo nyanja yamchere, za mvula ya ku Burma mu 1944 imene inkagwa osalekeza, za misundu yokakamira m'miyendo, ndi za mtsinje wa Chindwin umene anaufika atataya anzawo ndi malungo ndi zipolopolo zomwe. Nkhani zimenezi zinkatuluka zokha, pang'onopang'ono, ndipo usiku wina ankalekezera pakati n'kukagona osatsanzika, ndipo aliyense ankadziwa kuti safunika kuwatsatira.

Amayi anga ankatiuza kuti tsiku limene atsibweni anabwera sanalowe m'mudzi mwachindunji. Akuluakulu anawachingamira kunja kwa mudzi n'kuwasambitsa mankhwala, poopa chirope, misala imene makolo ankati imagwira munthu amene wakhetsa mwazi. Inu a sukulu muli ndi mayina anu a matenda a maganizo amene amagwira anthu obwera kunkhondo, ndipo sindikutsutsana nawo, koma dziwani kuti makolo anaona kale kuti munthu wotere amabwera atasenza kanthu, ndipo mudzi wonse unkamuthandiza kutula. Choncho funso lakuti agogo munapha anthu angati lisatuluke pakamwa panu ngakhale mocheza. Mukafuna poyambira, afunseni za gule wa mganda. Mizere ija, wenzulo, zovala zoyera zositidwa ndi kagubidwe kake zinachokera ku perete wa asilikali, ndipo nkhalamba imene singakuuzeni za nkhondo idzakuuzani mosangalala za boma, kapena kuti gulu, la mganda la m'mudzi mwawo ndi mmene ankagonjetsera a midzi ina.

Masiku ano ndimaona zina zimene zimandimvetsa chisoni pang'ono. Galimoto imaima pakhomo fumbi lili koboo, mutuluka achinyamata khumi ndi angapo atavala malaya ofanana, onse ali chiimire, wina ayamba kale kulankhula mawu amene anakonzeratu, wina akukoka nkhalamba dzanja kuti iime pamene pali kuwala, aipatsa paketi ya shuga kuti inyamule pachifuwa, mafoni ali m'mwamba, ndipo madzi a tiyi asanawire galimoto yapita. Ndinaziona pakhomo pa mnansi wanga wina amene anali msilikali, ndipo anthuwo atachoka anandifunsa kuti kodi ana amenewa ndi a kwa yani. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anatchula dzina lake, mfunda wake kapena mudzi wa kwawo. Sindikunena kuti anali ndi mtima woipa, ndipo shugayo anamwera tiyi ndithu, koma munthu amene anaimapo pa perete anasandutsidwa choimika pakhomo pake pomwe, atavala malaya a kumunda amene sakanafuna kuti aliyense amuone nawo.

Inu musatero. Pitani awiri kapena atatu, chifukwa khonde la kumudzi silikwana anthu makumi awiri ndipo khamu limachititsa mwini nyumba manyazi akasowa pokukhazikani. Dzerani kaye kwa a mfumu kapena nyakwawa, ndipo pakhomopo dziwani amene amasamala nkhalambayo tsiku ndi tsiku, kaya ndi mwana wawo wamkazi, kaya ndi mdzukulu, kuti asaone ngati mwabwera kudzamuonetsa kuti akulephera. Atsikana mangani chitenje, anyamata vulani zipewa, foni ikhale m'thumba. Mukakhala pansi dikirani moni, ndipo ikafika nthawi ya malonje musachite manyazi kuti simudziwa kalankhulidwe kake. Nenani kuti ndinu ana a yani, kwanu n'kuti, mwasiya bwanji makolo, mukuphunzira chiyani, mwayenda bwanji, ndipo mudzadabwa kuona nkhalamba ikukuuzani kuti kwanuko inadutsako, kapena kuti inali ndi mnzake wa mfunda wanu ku Cobbe Barracks ku Zomba kapena ku Moyale ku Mzuzu. Pobweza malonje ndi pamene idzatchule yokha zimene zikuivuta, kuti maso achita ng'ala, kuti denga likudontha, kuti mankhwala a BP anatha mwezi watha ndipo palibe woiperekeza kuchipatala, kuti chiphaso cha unzika chinatayika. Mukamva zimenezi mudzadziwa chogula ulendo wotsatira kuposa mmene ine ndingakuuzireni ndili pano.

Katundu amene mwatenga musamutulutse poyamba. Mupereke chakumapeto, ndi manja awiri, mutagwada kapena kunjuta, ndipo ndi bwino kumupereka kudzera kwa mayi wa pakhomopo, ndi mawu ochepa akuti tatenga kasopo aka. Ndiponso, adzukulu anga, chimene akupatsani landirani. Akakutulutsirani thobwa imwani, akakukazingirani mtedza idyani, akakupatsani chinangwa kapena maungu kuti munyamule musanene kuti agogo sungani mudye ndinu. Ndikudziwa kuti mumakana chifukwa cha chisoni, poona kuti pakhomopo n'posowa, koma kukana chakudya cha munthu wamkulu ndi kumuuza kuti alibe kanthu koyenera inu. Msiyeni akhale mwini nyumba amene walandira alendo n'kuwadyetsa. Potsanzika, akafuna kukuperekezani musawaletse ngakhale akuyenda ndi ndodo, ingochepetsani liwiro, ndipo akafika pamene afuna kubwerera adzanena okha.

Musaiwale agogo aakazi. Pamene mwamuna anali ku Nacala kapena kutsidya kwa nyanja, iwo ndi amene ankalima, kulera ana ndi kudikira kalata, ndipo atabwera ndi iwo amene ankamugwira usiku akadzidzimuka kutulo. Ambiri lero ndi amasiye ndipo palibe amene amawawerengera pa nkhani za asilikali akale. Pakhomo pamene msilikali anamwalira koma mkazi wake alipo, pamenepo n'poyeneranso kufikapo.

Za zithunzi, poti mwafunsa, sindikuletsani. Koma lisakhale tsiku loyamba, ndipo mupemphe, kwa iwo ndi kwa abale awo, mutafotokoza bwino kuti chithunzicho chidzaonedwa ndi anthu ambiri osawadziwa. Akavomera, apatseni nthawi asambe, avale jekete ndi mendulo zawo ngati ali nazo, akhale pampando monga afunira, ndipo m'manja mwawo musakhale paketi ya shuga. Kenako mukachitsukitse chithunzicho pa Kasungu boma n'kuwabweretsera chawo choti apachike pakhoma, chifukwa ambiri a iwo anajambulidwa kambirimbiri koma sanaonepo nkhope yawo papepala.

Mwezi wa November dziko limakumbukira asilikali amene anafera kunkhondo, potsatira tsiku la 11 November 1918 pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, inatha. Akuluakulu a boma amakaika nkhata za maluwa pa zipilala za ku Zomba ndi ku Lilongwe, ndipo bungwe la asilikali akale la VELOM limakhala nawo pa mwambowo, koma nkhalamba zambiri za kuno kwa Santhe, kwa Wimbe kapena kwa Kaluluma zimangomvera pa wailesi, ngati mabatire alipo. Tsiku limenelo mukanakhala nazo pakhonde n'kumvera limodzi, mukanachita chinthu chachikulu. Koma musadikire November yekha, pakuti zosowa za munthu wokalamba zimatsata nyengo. Udzu wofolera umamwetedwa m'miyezi yozizira ndipo denga liyenera kukhala litafoleredwa mvula yoyamba isanagwe, ndiye anyamata amene muli ndi mphamvu mukapangane ndi abale a pakhomopo za tsiku lokwera padenga. Nkhuni zimafunika kuwunjikidwa pouma dzinja lisanafike. Miyezi ya January ndi February, nkhokwe zikapepuka ndipo misewu yaterera, ndi imene alendo amasowa, ndipo ngati kangachepe kanu kangakwanitse ufa ndi nyemba, kasungireni nthawi imeneyo. Sankhani makomo ochepa amene mungathe kubwererako chaka chonse, ndipo amene mukumaliza maphunziro chaka chino mudzatenge anzanu a m'chaka choyamba n'kukawaonetsa kwa agogowo ndi kwa a mfumu musanachoke ku Kasungu.