Pascal Siakam ndi maliro amene sanapiteko: mawu kwa inu amene mwangofika ku America

Abale anga amene mwatsika ndege miyezi yapitayi, takulandirani kuno ku Indiana. Ambiri mwabwera pa viza ya sukulu, ena mwabwera ndi ana, ndipo ndaona kale anyamata angapo aatali ngati bulugamu amene azakhali awo akuwauza kuti iwe ndiye wa NBA basi, ligi yaikulu ija ya basketball kuno ku America. Ndiye ndati ndikuuzeni za munthu amene muzimuona pa TV kawiri katatu pa sabata nyengo yozizira ikayamba, atavala jezi ya Indiana Pacers, nambala 43. Dzina lake ndi Pascal Siakam, wa ku Cameroon. Amasewera kutsogolo, pamalo amene kuno amati power forward, munthu wolimbana pansi pa basiketi koma wothanso kuthamanga ndi mpira bwalo lonse. Ndimamutsata kuyambira kalekale, ndipo chimene chimandigwira mtima pa iye si mapointi ayi. Ndi zimene anadutsamo ali mlendo ngati inu ndi ine.

Anabadwira ku Douala mu 1994, mzime m'banja la anyamata anayi ndi atsikana awiri. Akuluakulu ake atatu, Boris, Christian ndi James, onse anasewerapo basketball m'makoleji a ku America. Iyeyu ndiye bambo ake, a Tchamo Siakam, anamusankhira unsembe, ndipo ali ndi zaka 11 anamutumiza kuseminale ku Bafia. Basketball sankayifuna n'komwe. Anayamba kuyisewera mozama ali ndi zaka pafupifupi 17, atapita kukampu ya Luc Mbah a Moute, mnzake wa ku Cameroon amene panthawiyo anali kale mu NBA. Mu 2012 anaitanidwa ku Basketball Without Borders ku Johannesburg, ndipo kuchoka apo njira ya ku America inatseguka: sukulu yaing'ono yotchedwa God's Academy ku Lewisville, Texas, kenako New Mexico State University ku Las Cruces.

Onani dzina la kolejiyo. Si Duke, si Kentucky, si Kansas. Ndi sukulu ya m'chipululu, pafupi ndi malire a Mexico, imene inkasewera mu ligi ya makoleji yotchedwa WAC, kumene makamera a TV sankafikako kawirikawiri. Ndipo chaka chake choyamba, 2013 mpaka 2014, sanasewere gemu ngakhale imodzi. Kuno amati redshirt: umachita nawo zokonzekera tsiku lililonse, umadzuka m'mamawa ndi anzako, umalowa m'kalasi, koma tsiku la gemu umakhala pambali n'kumawomba m'manja. Chaka chathunthu. Kumudzi akamafunsa kuti wagoletsa zingati, yankho palibe.

Tsopano nayi nkhani imene ndalembera kalatayi. Mu Okutobala 2014, kutatsala masiku ochepa kuti ayambe kusewera, bambo ake anamwalira pangozi ya galimoto ku Cameroon. Mnyamatayo anali ndi zaka 20. Sanapite kumaliro. Nkhani ya viza yake inali isanalongosoke, ndipo akanatuluka m'dziko muno pakanakhala chiopsezo choti sabwereranso, sukulu ndi mpira zonse n'kuthera pomwepo. Bambo amene ankalota kuti mwana wawo mmodzi adzafika mu NBA anaikidwa m'manda mwanayo ali ku New Mexico.

Ine zimenezi ndikuzidziwa ndi thupi langa. Mayi anga anatisiya ndili m'chaka chachitatu cha sukulu. Foni inalira cha m'ma 2 koloko usiku, ndipo nditangoona nambala ya malume ndinadziwa. Nditatsegula pasipoti ndinapeza kuti viza inatha miyezi inayi m'mbuyomo, ine osaganizako, chifukwa pasukulu zonse zinali bwinobwino. Nyimbo za pasiwa ndinazimvera pafoni, msuweni wanga atayikweza m'mwamba kuti ndimveko. Patha zaka zambiri koma mpaka lero ndikamva kwaya ya amayi ikuyimba nyimbo ya maliro ndimatuluka panja.

Ndiye mvetsetsani kusiyana kumeneku, chifukwa ambiri timakuphunzira ndi misozi. Viza ya F-1 imene anakumatirani m'pasipoti ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe ndi kiyi wolowera pakhomo basi. Chimene chimakusungani m'nyumba mwalamulo ndi pepala lija la I-20, pamodzi ndi kukhala wophunzira wa nthawi zonse. Viza itha kutha inu muli konkuno, I-20 ili yamoyo, ndipo simunalakwe chilichonse. Koma mukangotuluka, kubwerera kumafuna viza yatsopano, kutanthauza kukapemphanso, kudikira tsiku lokaonana nawo, ndipo palibe amene angakulonjezeni kuti akupatsani. Malamulo a maviza kwa ife Amalawi akhala akukhwima posachedwapa. Mu Ogasiti 2025 anayamba kufuna chikole chofika mpaka madola 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yongodzacheza. Zimene zinali zoona chaka chatha musaziyese kuti zikadali choncho lero.

Pasukulu iliyonse pali ofesi ya ophunzira ochokera kunja, ndipo muli munthu amene amamutcha DSO. Mudziweni dzina sabata yoyamba, musadikire tsiku la mavuto. Iyeyo ndi amene amasainira I-20 yanu kuti muyende ulendo, ndipo sainiyo imagwira ntchito chaka chimodzi. Muzikhala nayo yamoyo nthawi zonse ngakhale mulibe ulendo, chifukwa zovuta sizipangana tsiku. Musasiye phunziro lililonse musanamufunse, poti wa digiri yoyamba amayenera kukhala ndi makirediti 12 pa semesita, mukatsika popanda chilolezo mwadzipha nokha. Ntchito yololedwa popanda chilolezo chapadera ndi ya pasukulu pomwepo, maola osapitirira 20 pa sabata sukulu ili mkati. Wina adzakuuzani kuti pali ganyu wolandira pamanja, aliyense amapanga. Safunsa anadya phula, abale. Pitani mukafunse amene ntchito yake ndi yomweyo.

Ndipo ngakhale mapepala ali bwino, kwathu maliro sagona masiku ambiri. Kuchoka ku Chicago kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Lilongwe ndi ulendo woposa tsiku lathunthu, tikiti yogula lero lomwe ndi yodula koopsa. Khalani pansi ndi makolo anu pafoni iwo adakali ndi mphamvu, muwafotokozere zimenezi poyera. N'zolemera kuyankhula, ndikudziwa, kwathu sitilosera imfa. Koma ndi bwino amalume adziwiretu kuti kusabwera kwanu sikudzakhala mwano. Lowaninso m'gulu la Amalawi anzanu limene limasonkherana pa zovuta, ndipo muzisonkha mokhulupirika ngakhale wofedwayo simukumudziwa. Usiku umene ndinafedwa, anthu amene anadzaza kachipinda kanga ndi mapoto a nsima ndi nyemba anali omwewo amene ndinkawazemba pamisonkhano poti ndinali wotanganidwa.

Tibwerere kwa Siakam. Chaka chomwecho cha maliro anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana mu WAC. Chaka chotsatira ankagoletsa mapointi oposa 20 pa gemu, n'kumatolanso mipira yobwerera kuchokera pa basiketi yoposa 11, ndipo anakhala wosewera wopambana onse mu ligiyo. Mu 2016 Toronto Raptors inamusankha pa nambala 27. Munthu akanati wafika. Koma atakhala m'gulu la osewera oyamba kulowa m'bwalo pa magemu 38 m'chaka chake choyamba, anapezeka ali pabenchi, kenako anamutsitsira kutimu yaing'ono ya Raptors 905 ku Mississauga. Kumeneko m'malo monyinyirika anathandiza timuyo kutenga chikho mu 2017, iye n'kukhala wosewera wopambana m'mafainolo. Mapointi ake mu NBA anayenda chonchi: 4 pa gemu chaka choyamba, 7 chachiwiri, pafupifupi 17 chachitatu. Mu 2019 anapatsidwa mphoto ya wosewera amene wakwera kwambiri, ndipo pagemu yoyamba ya mafainolo ndi Golden State Warriors anagoletsa mapointi 32, ataponya ka 17 n'kulowetsa ka 14. Raptors inatenga chikho chake choyamba, iye atadzifunda mbendera ya Cameroon.

Kutsitsidwa kumeneko ndikufuna mukuganizire, makamaka inu achimwene ndi achemwali amene kwathu munali ndi ofesi yanuyanu. Ndaona aphunzitsi a sekondale, anamwino, ogwira ntchito kubanki, akufika kuno n'kuyamba kutsuka mbale mu kafiteriya ya pasukulu, kapena kubwereza maphunziro amene ankaphunzitsa ena. Zimapweteka, ndipo sindikuuzani kuti sizipweteka. Koma amene ndawaona akugwa si amene anayambira pansi. Ndi amene anachita manyazi, nabisala kwa anzawo, nayamba kunama kumudzi, kenako n'kufuna njira yachidule yopezera ndalama kuti bodzalo lioneke loona. Njira yachiduleyo ndi imene imadya mapepala.

Kwa inu makolo a anyamata ndi atsikana aatali aja, mawu ochepa. NBA imasankha osewera pafupifupi 60 okha pa chaka kuchokera dziko lonse lapansi, pamene makoleji a Division I okha, gawo lapamwamba la masewero a makoleji, ndi oposa 350. M'banja la a Siakam anyamata anayi anasewera kukoleji, wofika mu NBA ndi mmodzi. Mphatso yeniyeni ya mpirawu kwa ambiri ndi digiri yolipiridwa. Sikolashipi ya masewero imapezeka ku Division I ndi Division II, ku Division III kulibe, ndipo makoleji a zaka ziwiri ndi khomo labwino lomwe anthu amalinyoza pachabe. Mwana asanasewere ku Division I kapena II, a NCAA Eligibility Center, ofesi ya bungwe loyendetsa masewero a makoleji, amayamba aona masatifiketi ake a kusekondale, choncho magiredi musawataye poti mwana ndi wamtali. Munthu akabwera kuti mumupatse ndalama akupezereni sikolashipi, imbani foni kusukuluko mumve kwa kochi mwini wake. Ndipo ndalama zotsatsira malonda zimene osewera a kukoleji analoledwa kulandira kuyambira 2021, kwa mwana wa F-1 ndi nkhani yoterera, asasaine kanthu DSO asanaone.

Mu Januwale 2024, atasewera ku Toronto zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, mzinda umene anautengera chikho, anamusinthanitsa kubwera ku Indiana sizoni ili pakati. Anayambanso kuzolowera mzinda wina, anzake ena. Mu 2025 anafikitsa Pacers kumafainolo, anasankhidwa wosewera wopambana pa ndime yomaliza ya chigawo cha kum'mawa atagonjetsa New York Knicks, ndipo chikho chinawapulumuka pagemu yachisanu ndi chiwiri ndi Oklahoma City Thunder. Nambala yake sanasinthe. Pa 43 ija, 4 ndi bambo ake ndi akuluakulu ake atatu, 3 ndi mayi ake ndi alongo ake awiri.

Lamulungu likubwerali tikaweruka kutchalitchi, bwerani ndi pasipoti ndi I-20 yanu. Tikhala pansi tione madeti onse pamodzi, la viza, la pasipoti ndi la saini ya ulendo, aliyense alembe akewo penapake pamene aziwaona. Amene deti lake layandikira, Lolemba m'mawa ndimuperekeza ndekha ku ofesi ya DSO.