Madontho a Kim Whanki sanachokere pa kulephera kujambula

Achimwene, mwaika chithunzi cha chinsalu chabuluu chodzaza ndi madontho, ndipo mwafunsa kuti anachijambula ndani, komanso kuti zitheka bwanji kuti chinthu chimene ngakhale mwana wa pulayimale angapange chigulidwe ndi ndalama zankhaninkhani. Mwini ntchitoyo ndi Kim Whanki wa ku Korea, chithunzicho chimatchedwa Universe, anachijambula mu 1971, ndipo n'zoona kuti mu Novembala 2019 chinagulidwa pa okushoni ya Christie's ku Hong Kong pa madola a kumeneko 88 miliyoni, osawerengera gawo la ogulitsa. Koma nkhani ya mwana wa pulayimale ndiyo ndikufuna kuti tiikhalire pansi, chifukwa munthuyu anafika pa madontho atagwira bulashi kwa zaka zoposa 30.

Kim anabadwa mu 1913 pa chilumba cha Anjwa, m'dera la Sinan, kum'mwera chakumadzulo kwa Korea, dzikolo lili m'manja mwa Japan. Kwawo kunali kopeza bwino, choncho anatha kupita ku Tokyo, kumene analowa Nihon University mu 1933. Kumeneko anadziwana ndi kajambulidwe katsopano kochokera ku Ulaya, kamene sikalimbana ndi kufanizira munthu kapena mtengo monga maso amauonera, koma kamasanja mizere, mitundu ndi maonekedwe kuti zilankhule pazokha. Chithunzi chake cha mu 1938 chotchedwa Rondo chimawerengedwa pakati pa zoyambirira za mtundu umenewu ku Korea. Dziko litamasuka, iye ndi ojambula anzake Yoo Youngkuk ndi Lee Kyu-sang anayambitsa gulu la ojambula lotchedwa Sinsasilpa, limene linaonetsa ntchito zake koyamba mu 1948. Nkhondo ya Korea itabuka mu 1950 anathawira ku Busan, ndipo mu 1951 anajambula sitima yonyamula othawa nkhondo, anthu atathithikana m'mabogi popanda nkhope yozindikirika.

Amene akufuna kumvetsa Kim ayenera kuyamba ndi mitsuko. Ankakonda kwambiri mitsuko yoyera ya m'nthawi ya mafumu a Joseon, makamaka ikuluikulu yobulungira imene anthu a ku Korea amaifanizira ndi mwezi, moti ankaigula n'kuiunjika m'nyumba mwake ku Seoul. Mtsuko wotere woumba ankaupanga mbali ziwiri, yam'mwamba ndi yam'munsi, kenako n'kuzilumikiza pakati, ndiye ukatuluka m'ng'anjo umakhala wopendekeka pang'ono, mbali ina yotumphuka kuposa inzake. Kupendekeka kumeneko ndiko kunam'tenga mtima Kim. M'zaka za m'ma 1950 zithunzi zake zinali zodzaza ndi mitsuko, mwezi, mapiri, mbalame ndi maluwa, zambiri zitamira mu utoto wabuluu umene anthu ambiri amaulumikiza ndi nyanja ndi thambo la kwawo ku chilumba. Ngakhale pamene anakakhala ku Paris kuyambira 1956 mpaka 1959, sanasiye zinthu zimenezi n'kuyamba kutsanzira Afalansa. Ndikunena izi kuti muone kuti kujambula chinthu chozindikirika ankakudziwa bwino lomwe, ndipo anali mphunzitsi wa luso limeneli pa Seoul National University kenako pa Hongik University.

Mu 1963 anaimira dziko lake pa chionetsero chachikulu cha ku São Paulo ku Brazil, kumene analandira ulemu wapadera. M'malo mobwerera ku udindo wake ku Seoul, anapita ku New York ali ndi zaka 50, kukayambanso monga munthu wosadziwika. Moyo kumeneko unali wothina, mpaka nthawi ina ankajambula pa mapepala a nyuzipepala ya New York Times. M'zaka zimenezi mwezi, mapiri ndi mitsuko zinayamba kuchoka pachinsalu chimodzichimodzi, n'kutsala mizere ndi mabanga a utoto, ndipo pofika 1970 panatsala dontho.

Tsopano tayang'anitsitsani mmene dontholo limapangidwira, chifukwa pa foni zimenezi sizioneka. Ankatenga chinsalu cha thonje chosapaka penti woyera wapansi, n'kusungunula penti wa mafuta mpaka akhale wamadzimadzi. Akadontheza ndi nsonga ya bulashi, pentiyo ankalowerera mu ulusi n'kufalikira m'mbali monga inki imachitira ikadonthera pa thumba la malaya oyera. Kenako ankazunguliza dontholo ndi kamzere ka ngodya zinayi, n'kupita pa lotsatira, mzere ndi mzere, mpaka madontho masauzande ambiri. Penti wolowa mu ulusi safufutika, ndiye dzanja likalemera pamalo amodzi chinsalu chonse chimaonetsa. Palibe madontho awiri ofanana, ena ndi akuda bii, ena otumbuluka, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti ukaima patali uone ngati chinsalucho chikuyenda. Universe ndi zinsalu ziwiri zogundanitsidwa, zonse pamodzi mamita awiri ndi theka m'litali ndi m'lifupi momwe, ndipo madontho ake amazungulira m'magulu awiri aakulu. Mwana angathe kudontheza penti, zimenezo sindikana, koma kusunga muyezo wa utoto ndi kayendedwe ka mizere pa chinsalu chotalika kuposa munthu, tsiku ndi tsiku, popanda mpata wokonza cholakwika, ndi nkhani ina.

Madonthowo analinso ndi chimene ankanyamula. Chithunzi chake cha mu 1970, chimene chinapambana mphoto yaikulu pa mpikisano wa nyuzipepala ya Hankook Ilbo ku Seoul, anachipatsa mutu wofunsa kuti tidzakumananso kuti ndipo tili m'maonekedwe otani. Mawuwo anawatenga m'ndakatulo ya mnzake Kim Gwang-seop, yonena za nyenyezi imodzi ndi munthu mmodzi akuyang'anana usiku. M'zolemba zake za tsiku ndi tsiku Kim ankasonyeza kuti podontheza ankaganiza za abwenzi ndi za kwawo kumene anakusiya. Ine ndimakhulupirira kuti kupukwa kumeneku ndiko kumasiyanitsa ntchito yake ndi ya ojambula a ku America amene ankapanganso zinsalu zikuluzikulu nthawi yomweyo. Ku Korea sanabwererenso. Ntchito ya maola ambiri inamupweteka khosi, anachitidwa opaleshoni, ndipo anamwalira ku New York pa 25 Julaye 1974 ali ndi zaka 61.

Za mtengo, ndikugwirizana nanu pang'ono. Ndalama za pa okushoni zimatsata kusowa kwa chinthu, kutchuka kwa dzina ndi mpikisano wa anthu olemera, ndipo sizingakhale muyezo wa ubwino wa chithunzi. Kim mwiniwake sanazione ndalama zimenezo. Universe chinagulidwa poyamba ndi dokotala wa ku Korea amene anali mnzake ku America, ndipo banja lake linachisunga kwa zaka zoposa 40 chisanafike pamsika. Kuti dzina la Kim lisazimirire, amene anagwira ntchito yaikulu anali mkazi wake Kim Hyang-an, amene anakwatirana naye mu 1944, ndipo mu 1992 mayiyo anatsegula Whanki Museum, nyumba yoonetseramo zithunzi za Kim, ku Buam-dong mu Seoul. Mukapeza mpata, fufuzani pa intaneti zithunzi zake za mitsuko za m'ma 1950, muziike pambali pa za madontho za m'ma 1970, mukulitse mpaka ulusi wa chinsalu uoneke, kenako mudzatiuze m'gulu muno ngati maganizo anu akadali omwewo.