Batire lotchipalo ndinalilawa kale, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati mugule batire lotchipa la $30, losakhala lenileni la kampani ya DJI, loika mu drone yanu ya Mini 2, kandege kojambulira kaja. Imani kaye, $30 imeneyo musanaitumize. Ndawerenga zimene ena akuyankhani pamwambapa, zoti batire ndi batire bola lalowa mu Mini 2 yanuyo n'kuyatsa timagetsi, ndipo mtima wanga wachita kuti myuu. Amene akulemba zimenezo sanaionepo drone ikutsika yokha pamitu pa anthu otchena.

Yanga si Mini, ndi yokulirapo, ya batire la maselo atatu (timabatire ta m'kati mwake), ndipo ndi imene ndimadyera kuno ku Harare: maukwati, ziliza, ndi mapuloti a abale athu ali ku UK ofuna kuona ngati nyumba yafikadi pa windo monga akuwauzira. Mabatire ake enieni atayamba kutopa ndinakafunsa mtengo m'tauni, ndinatuluka m'sitolomo osatsazika. Ndiye mnyamata wina wa kasitolo ka mafoni, amene ankandigulitsa ma memory card popanda vuto, anati akulu musavutike, ndili nawo ochokera kufakitale imodzimodziyo, angosiyana sitika basi. Awiri pamtengo wa limodzi. Ndinawayesa kunyumba, kuuluka pang'ono pabwalo, kutera, zonse zili myaa. Pa sikirini likuti 100 peresenti, latsopano, silinatchajidwepo.

Tsiku lake linali ukwati wa ana akwathu, mnyamata wa ku Mufakose koma makolo ake ndi a ku Dedza, mtsikana wa ku Highfield. Madyerero anali pamalo ena cha ku Lake Chivero, mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. Nthawi ya perekaniperekani itakwana, a MC akuitana akuchimuna kuti abwere ndi madola osinthasintha, ine ndinakweza drone kuti nditenge mzere wonse uli kuvina kuchokera kumagalimoto mpaka patenti. Batire likuti 58. Ndatenga shoti yoyamba, ndatembenuka kuti ndikumane ndi mphepo yochokera kunyanja, ndiyang'ane pa sikirini, 41. Ndikuti mwina maso anga, dzuwa likuwalira pafoni. Ndiphimbe ndi dzanja, 12. Sipanathe ngakhale masekondi khumi, achimwene. Rimoti inayamba kulira, sikirini yonse yafiira, drone yayamba kutera yokha pomwe inali pomwepo, ndipo pomwe inalipo ndi pamwamba pa amayi a Mvano ali pamzere ndi ma $1 awo m'manja. Ndinakankha kandodo kukweza, inamvera pang'ono, ndinaikokera kumbali yoimika magalimoto, ndikukuwa kuti chokani, chokani, koma ndani akumve DJ atatsegula masipika onse. Itangodutsa tenti mamota anazima. Phokoso lija langoti zii, chinthu chikubwera chozondoka.

Inagwera pagalasi lakutsogolo la galimoto ya ankhoswe akuchikazi. Pafupi ndi tayala panali kamwana kamene kamayamwa freezit, kachidutswa ka pulopela kanakadutsa paphewa n'kukagwa mu udzu. Mpaka lero ndikaganiza za kamwana kameneko chakudya chimandikanika. Batire linafwamphuka lokha n'kugwera pansi litatupa ngati ndasi, likutentha moti sungaligwire, kenako linayamba kutulutsa utsi woyera wonunkha mankhwala. Ndinathamangira fosholo ya anthu ophika, ndinalinyamula kukaliponya pamchenga kutali ndi udzu wouma ndi magalimoto, n'kulikwirira. Nyimbo zinaima. Anthu onse maso ali pa ine. Ankhoswe aja sanakalipe n'komwe, anangondiyandikira n'kunena chapansipansi kuti, bambo, galimotoyi si yanga, ndachita kubwereka kwa abwana. Kukanakhala bwino akanandimenya mbama.

Ndalama yonse ya ukwati umenewo inathera pagalasi, n'kuonjezeranso ya m'thumba. Gimbal, kachipangizo kogwirira kamera, inathyoka, kamera inang'aluka. Akwati anamvetsa, Mulungu awadalitse, koma nkhani inayenda m'mipingo yathu yonse kuyambira Mbare mpaka Mabvuku, ndipo pali anthu amene anandiuza kale kuti mudzatijambule Disembala amene sanaimbenso.

Mnyamata wa sitolo uja ndiye musandiyambitse. Ndinamupititsira batire lakupsalo mujumbo. Poyamba anati munalitchaja ndi jeneleta. Nditamuuza kuti ndimatchaja pa inveta, anati ndiye munaliulutsa padzuwa. Drone uiulutsire kuti, m'nyumba? Kenako anati iye amangogulitsa, wopanga ali ku China, ndikadandaule kumeneko. Pa lisiti analemba mawu amodzi okha osatchula n'komwe kuti ndi batire. Madzulo ake anandibuloka pa WhatsApp. Ndikamadutsa ndimawaona mabatire omwewo ali pagalasi, ndipo iye amayang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Munthu amene ndinkamubweretsera makasitomala!

Mnzanga wina wokonza malaputopu anatsegula zotsala za batirelo, ndipo ndi iye anandimasulira chimene chinachitika. Mabatire a ma drone amenewa si maselo okha, muli kabodi kokhala ndi chip kamene kamalankhula ndi drone. Kamawerenga moto wolowa ndi wotuluka, kutentha, voteji ya selo lililonse, n'kumauza drone kuti kwatsala zakuti. Peresenti imene mumaona pafoni ndi mawu a kachip kameneko. Ndiye opanga achinyengo amaika maselo ang'onoang'ono kapena akale, n'kulemba mu chip nambala ya batire lenileni. Mu langa munali maselo opyapyala ndi kasiponji kodzazira malo. Pouluka pang'onopang'ono pabwalo palibe chimene chimaoneka. Koma drone ikakumana ndi mphepo mamota n'kukoka moto wambiri, selo lofooka limagwa voteji nthawi imodzi, chip imadzidzimuka n'kukonza bodza lake, ndiye mumaona 41 yasanduka 12. Ndipo drone imawerengera nthawi yobwerera yokha kunyumba potengera manambala omwewo, ndiye ikanamizidwa imachedwa kubwerera. Onjezerani kuti Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya ndi wopepuka, mapulopela amazungulira mwamphamvu kuti anyamule kulemera komweko, ndipo kukatentha zimanyanya. Batire limene lingapirire ku Beira, m'mphepete mwa nyanja yamchere, kuno likhoza kukugwetserani.

Tsono batire lachiwiri lija, kunena zoona, linalibe vuto lililonse. Nditakonzetsa drone ndinkaliyesa kutchire, likugwira bwinobwino. Tsiku lina pulogalamu inati pali firmware yatsopano, ndiye kuti update ya pulogalamu ya m'kati mwa drone, ndinadina, ndipo kuyambira pamenepo ndikaika batire limenelo pamabwera uthenga wofiira woti silikudziwika, mamota osayaka n'komwe. Batire lili ndi moto, lili bwino, koma langosanduka mwala. Apa ndiye ndimakwiya mbali zonse ziwiri. Makampani opanga ma drone amati amatseka mabatire a anthu ena pofuna chitetezo, ndipo ine amene ndinaona galasi likuphwanyika sindingawatsutse kotheratu. Koma lija loipa loko yawoyo sinaligwire, linauluka mpaka kugwa. Chimene chip imayesa si ubwino wa maselo, imangoyesa ngati batire layankha mawu achinsinsi molondola, ndipo okopera akawadziwa mawuwo amadutsa mpaka update yotsatira. Ndiye chitetezo chake ndi cha ndani? Amene anali ndi Phantom 3, drone yakale ya DJI, masiku amenewo akukumbukira uthenga uja wonena kuti batire si la DJI, sinkhani yatsopano. Ndipo muwerenge malamulo a waranti ya DJI, analemba poyera kuti zoonongeka chifukwa cha zipangizo zosavomerezeka za makampani ena sazilipira. Drone imasunga mbiri ya ulendo uliwonse, musaganize kuti mukawanamiza.

Chimene chimandipweteka n'chakuti iwo akasiya kupanga mtundu wina, mabatire ake enieni amasowa. Funsani amene ali ndi Mavic Pro ya 2016 kapena Spark ya 2017, drone ili bwinobwino koma batire latsopano lenileni alipeze kuti? Ataye ndege yonse chifukwa cha batire? Ndipo ife kuno kuitanitsa kunja ndi mtanda wina, mabatire a lithium amawerengedwa ngati katundu woopsa, otumiza katundu ambiri amakana kapena amatchaja mtengo wopweteka, ZIMRA, bungwe lotolera msonkho, nayo ikudikira gawo lake. Ku Ulaya anakhazikitsa lamulo la mabatire mu 2023 lonena kuti kuyambira February 2027 kampani isamagwiritse ntchito pulogalamu potsekereza munthu kuika batire lina loyenerana ndi chipangizo chake. Zabwino zawo. Ife a ku Epworth atimenyera nkhondo ndani?

Inu mwayi muli nawo. Mini 2 inatuluka mu 2020 koma batire lake ndi lomwelo limene lili mu Mini 2 SE ndi Mini 4K, ndiye lenileni likupezekabe. Gulani limenelo, ngakhale limodzi lokha, ena mudzaonjezera ntchito ikayenda. Ngati muli ndi m'bale wobwera pandege kuchokera ku Johannesburg, alinyamule m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Mphamvu yake ndi 17.32 Wh, malire amene ndege zimalola popanda chilolezo chapadera ndi 100 Wh, ndiye palibe amene angamulande. Akabwera pabasi asaliponye mu ngolo yakumbuyo ija imene imakhala padzuwa la pa boda ya Beitbridge tsiku lonse. Ndipo samalani, m'tauni muno muli ena olembedwa dzina lenileni, bokosi lokongola, koma ndi abale ake a langa lija. Tengani kasikelo ka kukhitchini. Lenileni la Mini 2 limalemera magalamu 86, ndi la 2250 mAh, 7.7 V. Likapepuka kwambiri, kapena akalemba nambala ya mAh yodumpha patali koma kukula ndi kulemera kuli komweko, bwezani pomwepo musanachoke pakauntala. Likalemera kwambiri ndiyenso drone yanu yadutsa magalamu 249 amene inapangidwira.

Koma nanga ndinene bwanji, panopa m'chikwama changa muli lina la kampani ina. Inde, ndinagulanso. Ndinaligula kwa munthu wina amene amakonza yekha ma drone ndipo anavomera kuti tiliyese limodzi ndisanalipire. Likugwira ntchito mpaka pano, mwina kuposa limodzi mwa enieni anga okalambawo. Ndimaliulutsira kumunda kwa alamu anga cha ku Seke, pojambula chimanga ndi mapuloti opanda anthu, ndipo likafika pa 40 ndimatera basi, zimene likunena pansi pa pamenepo sindizikhulupirira. Pa ukwati silipita, pamwamba pa madzi silipita. Ndinalimata tepi yofiira kuti ndisalisokoneze ndikakhala pachangu. Ndipo update sindidinanso, foni yojambulira ndinaichotsa pa intaneti, ngakhale ndikudziwa kuti nthawi zina update yomweyo ndi imene imakonza zolakwika zina za ndege. Musankha nokha pamenepo.

Mukaumirira kugula la $30 lo, musathamangire nalo kuntchito. Litchajeni lidzaze, pitani pabwalo lopanda anthu, ikwezeni drone kufika m'chiuno mokha, iime pamenepo mpaka ifune kutera yokha, maso anu ali pa peresenti ndi pa voteji ya maselo awiriwo mu pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono mofanana. Mukaona selo limodzi likuthawa linzake, kapena nambala yadumpha kuchoka pa 50 kufika pa 30, ndi lachinyengo ngati langa lija. Mukatero yesaninso tsiku la mphepo, chifukwa langa mayeso a pabwalo linakhoza. Likatera ligwireni, kufunda ndi kwabwino, koma lotentha moti simungalisunge m'manja ayi. Likayamba kulimba polowetsa kapena potulutsa ndiye kuti layamba kutupa, musalikakamize, musaliboole, ndipo musaliponye m'bini ya zinyalala limodzi ndi mapepala.

Za kutchaja, aliyense amakuuzani kuti musatchaje batire muli mtulo. Chabwino, koma masiku amene ZESA, kampani yathu ya magetsi, imabweretsa magetsi pakati pa usiku n'kuwatenga kusanache, munthu utani? Ine ndimatchajira pasimenti pakhonde, batire lili mumphika wadothi umene pansi pake ndinathira mchenga, kutali ndi makatani ndi silinda ya gasi, ndipo ndimatchera alamu. Musalitchaje litangotera likadali lotentha, lizizire kaye. Musalisiye m'galimoto padzuwa. Lenileni likakhala masiku angapo lili lodzaza limadzitsitsa lokha moto kuti lisaonongeke, ndiye mukaona latsika musati lafa. Otchipa ena sachita zimenezi, amangokhala odzaza mpaka kutupa, ndiye ngati simuuluka sabata imeneyo lisungeni lili cha pakatikati.

China, poti mwati mukufuna kuyamba kujambula zolipidwa. Pitani ku CAAZ, bungwe loyang'anira za ndege, mukafunse za mapepala, malamulo a ma drone kuno ali mu Statutory Instrument 271 ya 2018, ndipo inu mukukhala mbali ya Hatfield, pafupi ndi bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe, kumeneko musayerekeze n'komwe kuyesera batire kuseri kwa nyumba. Tsiku limene drone idzagwere galimoto ya munthu wosakhala wa ulemu ngati ankhoswe aja, funso loyamba kupolisi silidzakhala la batire.

Ngati mwatumiza kale ndalamayo, ndilembereni ku inbox, mubwere nalo Loweruka m'mawa kusanatenthe. Sikelo ndili nayo, tikaliyesera ku Seke. Ndipo lisiti muumirire kuti alembepo kuti ndi batire la drone, ndi tsiku lake, ndi dzina la sitolo.