Kiyibodi yafika, nanga ndiyambire pati?

Achemwali a ku Luchenza, mwati kwaya yanu yagula kiyibodi, asankha inu kuti muphunzire, koma manotsi akukuzunguzani mutu. Ine ndimaphunzitsa kwaya kuno ku Bvumbwe, ndiye ndiyankhe monga ndimachitira ndi ongoyamba kumene.

Kiyibodiyo ibwerere kaye m'katoni sabata imodzi. Tengani nyimbo yomwe mumaidziwa bwino, muziomba m'manja uku mukuwerenga. Makolasi ambiri amayenda 1, 2, 3, 4, pomwe nyimbo zina za m'buku zimayenda zitatuzitatu. Munaonerapo tchopa ku Chonde? Wang'oma akangophonya kamodzi, miyendo ya ovina onse imasokonekera. M'kwaya ndi chimodzimodzi.

Kenako bwerani pa doh, re, mi, fa, so, la, ti. Mawu ndi asanu ndi awiri basi, wotsatira ndi doh yemweyo koma wam'mwamba. Njira imeneyi, ya sol-fa, anaifalitsa John Curwen ku England m'ma 1840, ndipo kuno inabwera ndi amishoni.

Apa ndiye mumvetsetse: doh alibe mudzi. Makiyi a kiyibodi amatchulidwa ndi zilembo monga C ndi G. Akati nyimbo ili mu C, ndiye kuti doh wakhala pa C. Akati mu G, doh wasamukira pa G, ndipo abale ake onse amutsatira ndi katundu wawo. Amayi a sopulano akamafika kumapeto kwa nyimbo mitsempha ya pakhosi ili tototo, musawakalipire kuti sadziwa kuimba. Mwawayambitsira pamwamba ndinu. Tsitsani doh, mudzaona nkhope zikumasuka.

Tsopano tulutsani kiyibodi ija. Kuchoka pa C kukafika pa C wina mudutsa makiyi 12, oyera 7 ndi akuda 5. Pakati pa E ndi F palibe wakuda, pakati pa B ndi C palibenso. Mu C, amenewo ndi mi ndi fa, komanso ti ndi doh, omwe nthawi zonse amakhala moyandikana. N'chifukwa chake doh akapita pa G, ti wake amagwera pa kiyi wakuda, F#. Mukagunda F woyera, khutu lokha likuuzani kuti pena pake pavuta.

Makodi, kutanthauza mawu angapo ogundidwa pamodzi, musathamangire ambiri. Atatu akukwanirani miyezi ingapo: doh-mi-so, fa-la-doh ndi so-ti-re. Mu C amenewa ndi C, F ndi G, mu G ndi G, C ndi D. Anyamata a banjo ya chigubu amasangalatsa msika wonse ndi atatu omwewa.

Batani la transpose lokha, lomwe limakweza kapena kutsitsa mawu a kiyibodi yonse, musalizolowere. Ine linandichititsa manyazi pa ukwati wina: ndinalikweza pa nyimbo yoyamba n'kuiwala kulibweza. Pofika yolowera mkwatibwi, abambo a besi anangoyang'anana, sopulano n'kutsala mayi mmodzi yekha, nayenso akundiyang'ana ndi diso lofiira.